Ndalama za mufoni: pamene zimathandiza ndi pamene zimapweteka

Chaka chikamapita kumapeto, magulu a banki m'khonde akayandikira tsiku logawana, msungichuma sagona tulo. Bokosi limakhala litadzaza, mudzi wonse ukudziwa nyumba imene limagona, ndipo nkhani za mabokosi obedwa patangotsala masiku ochepa kuti amayi agawane si zachilendo m'maboma athu. N'chifukwa chake pa misonkhano ya amayi m'maparishi ndi m'miphakati funso likumveka kawirikawiri lakuti, bwanji osangoika ndalamazi mufoni? Ena amavomera msanga. Ena amakaniratu, chifukwa pafupifupi aliyense akudziwapo mayi wina amene anaimbiridwa foni ndi munthu wolankhula mwaulemu, kenako n'kupeza kuti ndalama ya fetereza yapita.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Foni imatchinjiriza ndalama kwa wakuba wothyola chitseko, koma imatsegula khomo lina limene loko wake ndi nambala yachinsinsi imene ili m'mutu mwanu. Kuti tisankhe bwino, tiyenera kudziwa kaye mmene njirayi imayendera.

Kodi ndalamayo imakhala kuti?

Njira yosunga ndi kutumiza ndalama pafoni inatchuka koyamba ku Kenya, kumene kampani ya Safaricom inayambitsa M-Pesa mu 2007. Kuno kwathu Airtel Money inayamba mu 2012, ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Mabanki nawo ali ndi njira zawo, monga Mo626 ya National Bank. Simufunika foni yodula kapena intaneti. Kafoni ka mabatani n'kokwanira: mumaimba *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, n'kumatsatira zimene zikulembedwa pagalasi.

Mukapatsa ejenti K20,000, iye amachotsa K20,000 pa ndalama zimene ali nazo mufoni mwake, zija amati floti, n'kuziika pa nambala yanu. Mukafuna kutapa, zimayenda mobwerera: inu mumamutumizira za mufoni, iye n'kukupatsani za pamanja. Malamulo amafuna kuti ndalama zonse zimene anthu aika m'mafoni zikhale zitasungidwa ku mabanki mu akaunti yapadera, yosiyana ndi imene kampani ya foni imayendetsera ntchito zake. Amene amayang'anira zonsezi ndi banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, potsatira lamulo la kalipiridwe ka ndalama la 2016.

Choncho foni ikagwera m'chitsime kapena ikabedwa, ndalama yanu sinatayike, chifukwa kaundula wake ali ku kampani. Mumapita ku ofesi yawo ndi chiphaso cha unzika, amakupatsani simu khadi ina ya nambala yomweyo, ndipo ndalama mumaipeza. Makiyi ake ndi awiri basi: simu khadi yolembetsedwa m'dzina lanu, ndi nambala yachinsinsi. Zabwino zambiri za njirayi komanso zoopsa zake zimachokera pa makiyi awiriwa.

Pamene zimathandiza

Phindu loyamba ndi la mtunda. Amayi aakulu akukumbuka nthawi imene ndalama yochokera kutauni inkadikira munthu wopita kumudzi, kapena kuperekedwa kwa kondakitala wa basi, mwina n'kufika yoperewera. Lero mwana ali ku Lilongwe kapena ku Mzuzu amatumiza, ndipo mphindi yomweyo foni ya mayi ake ikulira. Abale amene ali ku Joni amatumiza kudzera ku makampani monga Mukuru, ndipo ndalama ikhoza kufikira mufoni momwemo. Pa matenda ndi pamene ubwinowu umaonekera kwambiri. Mayi wapakati akayamba kudwala usiku, ndalama ya galimoto kapena ya bilu ya kuchipatala ikhoza kusonkhedwa ndi abale a m'maboma atatu kusanache.

Lachiwiri ndi kuchepa kwa maulendo ndi mizere. Mayunitsi a magetsi a ESCOM, mabilu a madzi, mayunitsi a foni, ndalama za mayeso a MANEB ndi fizi ya m'masukulu ambiri tsopano zimalipiridwa munthu ali pakhonde. Kwa mayi amene banki yapafupi ili pa boma, ndalama ya kabaza ndi minibasi kupita ndi kubwera nthawi zambiri imaposa imene kampani ya foni ingamudule. Tsiku limene akanalithera pamzere amalithera kumunda kapena pa geni yake.

Lachitatu ndi chitetezo paulendo. Mayi wokapikula kaunjika ku Limbe kapena tomato ku Jenda safunikanso kumanga mpukutu wa ndalama m'chiuno. Taganizani: K1,000,000 ya gulu, ngakhale itakhala ya mapepala a K5,000 aja anatuluka mu 2022, ndi mapepala 200. Ikakhala ya ma K1,000, ndi mapepala 1,000, ndipo kuwawerenga pagulu n'kudziitanira maso. Mufoni mulibe mpukutu, mulibe ndalama yong'ambika imene wogulitsa angakane, mulibe yachinyengo, ndipo mulibe mkangano wa chenje.

Lachinayi, limene ambiri salilabadira, ndi umboni. Nthawi iliyonse mukatumiza kapena kulandira, mumalandira uthenga wosonyeza tsiku, nthawi, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya chiphaso cha ntchitoyo. Munthu sangakane kuti sanalandire pamene dzina lake lili pa uthenga. Mikangano yambiri ya m'magulu, ija ya "ine ndinapereka" ndi "ine sindinalandire", imatha ndi uthenga umodzi wosungidwa bwino.

Palinso phindu lina limene amayi amalidziwa okha. Ndalama ya m'chitini kapena ya pansi pa mphasa aliyense wa m'nyumba amaidziwa, ndipo imatha ndi "ndibwereke, ndibweza mawa". Ya mufoni imapatsa mayi mpata wosungira fizi kapena mbewu mpaka tsiku lake. M'maboma ena ndalama za Mtukula Pakhomo zimaperekedwanso kudzera pafoni, kotero zimafika kwa mwini wake popanda kudutsa m'manja ambiri.

Mtengo wake

Walira mvula walira matope. Kuika ndalama kwa ejenti n'kwaulere, koma kutumiza ndi kutapa kumakhala ndi malipiro. N'chifukwa chake tinazolowera mawu akuti "muwonjezere yotapira". Malipirowa amaikidwa m'magawo malinga ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo kawirikawiri amene amatapa ndalama zochepa pafupipafupi ndi amene amapwetekeka kwambiri.

Tingoyerekeza. Mayi wogulitsa mandasi amapeza phindu la K3,000 patsiku. Ngati makasitomala amulipira pafoni, iye n'kumadulidwa K300 tsiku lililonse potapa, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 10 a phindu lake lapita. Pa masiku 26 a geni, imeneyo ndi K7,800 pamwezi. Manambalawa ndi ongoyerekezera, chifukwa mitengo imasinthasintha, koma masamu ake ndi omwewo. Ejenti aliyense ayenera kukhala ndi pepala la mitengo poonekera. Liwerengeni, kapena pemphani wina akuwerengereni, musanatape. Ndalama ikalowa mufoni, n'kwanzeru kuigwiritsa ntchito ili momwemo, monga kulipira fizi kapena wogulitsa katundu mwachindunji, ndipo ngati n'kofunika kutapa, tapani kamodzi m'malo mwa kasanu. Funsaninso mtengo musanatumize ku netiweki ina kapena ku banki, chifukwa sufanana nthawi zonse ndi wa pa netiweki yomweyo.

Dziwaninso kuti foni simalo ochulukitsira ndalama. Nthawi zina kampani imagawira makasitomala kachiwongoladzanja kochokera ku akaunti ya kubanki ija, koma kamakhala kochepa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya mufoni inafooka chimodzimodzi ndi ya m'bokosi. Banki m'khonde imapindula chifukwa ndalama imazungulira m'manja mwa mamembala ngati ngongole, ndipo foni singalowe m'malo mwa ntchito imeneyi.

Tsiku limene foni ikana

Ndalama ya mufoni imadalira zinthu zitatu zimene inu simuzilamulira: netiweki, moto wa mubatire, ndi ejenti amene ali ndi ndalama za pamanja. M'midzi yambiri ejenti amakhala mmodzi kapena awiri, ndipo tsiku la msika kapena nyengo yokolola mumamva kuti ndalama zatha, bwerani mawa. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzima kwa magetsi kunatenga miyezi yambiri. Namondwe Freddy atagunda chigawo cha kumwera mu Malichi 2023, madera ena anakhala opanda magetsi ndi netiweki pamene anthu ankafunitsitsa thandizo. Pa masiku otere amene ali ndi K10,000 pa mpango amagula ufa, pamene mwini K100,000 ya mufoni akungoyang'ana. Banja lililonse lizikhala ndi kangachepe ka pamanja ka tsiku la mavuto, makamaka nyengo ya mvula.

Kulakwitsa nambala ndi vuto lina. Nambala imodzi yokha ikasokonekera, ndalama imapita kwa mlendo. Musanaike nambala yachinsinsi, werengani dzina limene foni ikuonetsa ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo muwerengenso maziro. Mukalakwitsa, dziwitsani kampani nthawi yomweyo. Wolandirayo akatapa kale, kubweza kumavuta kwambiri.

Atsinzinantole a pafoni

Wakuba wa pafoni sathyola loko. Amakunyengererani mpaka mutamutsegulira nokha. Njira zawo zimabwerezabwereza, ndipo mukazidziwa simuvuta kuzizindikira.

Ina ndi ya uthenga wabodza wooneka ngati mwalandira ndalama. Posakhalitsa wina amaimba akudandaula kuti walakwitsa nambala, mwana ali m'chipatala, chonde mubweze. Mayi wachifundo amatumiza, koma zimene watumizazo ndi zake, chifukwa palibe chimene chinalowa. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, pomwe wabodza umachokera pa nambala wamba. Musakhulupirire uthenga: imbani nokha *211# kapena *444# muone ndalama zimene zilimo.

Ina ndi ya munthu wodzitcha wogwira ntchito ku kampani ya foni, ku boma kapena ku bungwe lothandiza anthu. Amati mwapambana mphoto, kapena dzina lanu lalowa m'kaundula wa thandizo, kapena nambala yanu itsekedwa lero mukapanda kuchita zimene akuuzeni. Kenako amakuuzani kuti mudine manambala awa ndi awa, kapena mutchule nambala yachinsinsi, kapena mutumize kandalama kolembetsera. Palinso uthenga uja wongoti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", umene amautumiza kwa anthu ambirimbiri poyembekeza kuti mmodzi mwa iwo analidi pafupi kutumiza kwa wina. Ena amadzitcha aphunzitsi, n'kunena kuti mwana wanu wakomoka kusukulu. Ena amatchula ngakhale dzina la wansembe kapena la sisitere amene mumamudziwa. Apolisi akhala akunena kuti ena mwa akubawa amaimba mafoniwa ali m'ndende.

Chida chawo chachikulu ndi changu. Safuna kuti mupeze mpata wofunsa mnzanu. Choncho lamulo ndi lophweka: aliyense wokufulumizitsani pa nkhani ya ndalama, dulani foni, ndipo muimbire munthu amene akutchulidwayo pa nambala imene mumaidziwa kale. Palibe wogwira ntchito ku kampani ya foni, ku banki kapena ku boma amene ali ndi chifukwa chofunsira nambala yanu yachinsinsi. Ngakhale ejenti sayenera kuidziwa. Mukaberedwa, musabise chifukwa cha manyazi. Kanenani ku kampani ndi ku polisi tsiku lomwelo, ndipo muuze amayi anzanu kuti nambala yomweyo isapweteke wina. Ngati dandaulo lanu silikuyankhidwa, Reserve Bank ili ndi ofesi yolandira madandaulo a anthu ogwiritsa ntchito mabungwe a zachuma.

Zoopsa za m'nyumba momwe

Si akuba onse amene amakhala kutali. Amayi ambiri amene amavutika kuwerenga, kapena amene maso ayamba kufooka, amapereka foni ndi nambala yachinsinsi kwa mwana, mdzukulu kapena ejenti kuti awathandize. Ambiri amathandiza mokhulupirika, koma nkhani za ndalama za agogo zothera kubetcha mpira pafoni zikuchuluka. Kubetcha, kugula mayunitsi ndi kutenga ngongole za pafoni zonse zimatheka ndi kudina kangapo chabe, ndipo ndalama imene sukuigwira m'manja siwawa poichotsa. Ngongole za pafoni zimabwera msanga, koma nthawi yobweza imakhala yaifupi, ndipo kampani imadzidulira yokha pa ndalama iliyonse yolowa. Ndalama ya fizi yotumizidwa ndi m'bale ikhoza kufika itadulidwa kale chifukwa cha ngongole imene wina anatenga pa foni yanu.

Nambala yachinsinsi isakhale chaka chimene munabadwa, kapena 1234, ndipo isalembedwe kuseri kwa foni. Ngati mumafuna wokuthandizani, iye akhoza kudina zina zonse, koma pofika pa nambala yachinsinsi akubwezereni foni mudine nokha. Gulu la amayi likhoza kupatula theka la ola pa msonkhano kuti odziwa aphunzitse anzawo kuona ndalama zimene zilimo ndi kusintha nambala yachinsinsi.

Nkhani ina ndi ya dzina limene simu khadi inalembetsedwa. Kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe, ndipo amayi ena analembetsa ndi chiphaso cha amuna awo, cha mwana, kapena anagula yolembetsedwa kale ndi munthu wosamudziwa. Kwa kampani, mwini ndalama ndi amene dzina lake lili m'kaundula. Banja likasokonekera kapena foni ikatayika, mayi wotere amavutika kutsimikiza kuti ndalamazo ndi zake. Ngati simu khadi yanu sili m'dzina lanu, pitani ndi chiphaso chanu mukakonze zimenezi musanaikemo ndalama zambiri.

Imfa nayo imabweretsa mavuto ake. Ndalama ya mufoni ya womwalirayo ndi gawo la chuma chamasiye, ndipo abale amayenera kupita ku kampani ndi chikalata cha imfa komanso makalata osonyeza woyenera kulandira chumacho. Koma sangapite ngati sakudziwa kuti ndalamayo ilipo. Simu khadi ikakhalanso nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani imaitseka ndipo nambalayo ikhoza kuperekedwa kwa wina. Uzani munthu mmodzi wodalirika kuti mumasunga ndalama pa nambala yakuti, ngakhale osamuuza nambala yachinsinsi.

Nanga ndalama za gulu?

Tibwerere kwa msungichuma uja. Bokosi la banki m'khonde limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake ali ndi amayi atatu osiyana, ndipo limatsegulidwa gulu lonse likuona. Mphamvu yake yagona pa mboni zimenezi. Mukangosamutsira ndalama zonse mufoni ya msungichuma, mwachotsa maloko atatu n'kusiya limodzi, ndipo mwasenzetsa mayi mmodzi katundu woti akaberedwa kapena mwana wake akaseweretsa foni, dzina lake liipa mudzi wonse. Gulu lofuna kugwiritsa ntchito foni liyenera kusamutsa mboni pamodzi ndi ndalamazo.

Gulu likhale ndi simu khadi yakeyake, yosiyana ndi ya munthu aliyense. Funsani ku kampani ya foni, ku banki kapena ku SACCO za akaunti ya gulu imene imafuna anthu awiri kapena atatu kuti avomereze ndalama isanatuluke. Ngati zimenezi sizikutheka ndipo simu khadi yalembetsedwa m'dzina la membala mmodzi, zilembedwe m'buku la gulu, mboni zisaine, kuti ndalama za pa nambala imeneyo ndi za gulu. Foniyo izisungidwa ndi mayi wina, ndipo nambala yachinsinsi igawidwe pakati pa amayi ena awiri, aliyense adziwe theka lake lokha. Ndalama izituluka pa msonkhano pokha. Pa msonkhano uliwonse ndalama zimene zili mufoni ziwerengedwe mokweza, ndipo mlembi ayerekeze ndi zimene zili m'buku. Membala wolipira sheya kapena wobweza ngongole pafoni aonetse uthenga wake, mlembi alembe nambala ya chiphaso chake.

Gwirizananinso pasadakhale kuti ndalama yotumizira ndi yotapira azilipira ndani, chifukwa timadulidwe timeneti tikaunjikana chaka chonse timaoneka ngati wina wadya. Dziwaninso kuti nambala iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge ndi zimene ingatulutse patsiku. Tsiku logawana lisanafike, funsani malirewo, ndipo dziwitsani ejenti masiku angapo pasadakhale kuti akonzekere. Njira yabwino koposa ndi yoti membala aliyense alandire gawo lake mufoni mwake pa msonkhano pomwepo, aliyense akumva foni yake ikulira, m'malo moti amayi awiri anyamule chikwama kuchokera kwa ejenti. Malamulo omwewa ndi othandizanso pa thumba la bungwe la amayi, zopereka za maliro ndi ndalama za yunifolomu.

Kwa gulu limene ejenti wake ali kutali kapena netiweki imavuta, palibe cholakwika kupitiriza ndi bokosi pa ndalama zazing'ono za sabata ndi sabata, n'kumasamutsira kufoni kapena kubanki zochuluka za miyezi yomaliza, pamene ngongole zabwezedwa ndipo bokosi lalemera. Pa msonkhano wanu wotsatira, yambani ndi mafunso awiri: ndi angati mwa ife amene simu khadi yawo ili m'dzina lawo, ndipo ndi angati amene nambala yawo yachinsinsi amaidziwa okha? Mayankho ake ndi amene akuuzeni ngati gulu lanu lakonzeka.